Mphete za Kuphazi kwa Harika

Sravani anakumana ndi Prudhvi m'kati mwa sitima yankhondo yoyenda pansi pa nyanja, yomwe inapuma ntchito n'kuikidwa pamchenga mumzinda wa Visakhapatnam. Prudhvi ndiye ankaonetsa alendo. Pakakhomo kozungulira kachitsulo, pomwe munthu amawerama n'kukweza mwendo kuti adutse, mnyamatayo anamugwira dzanja.

"Pang'onopang'ono, chemwali, mungagunde mutu. Wina wokongola chonchi tikaupeza kuti?"

Basitu, mtsikana anakomoka nazo! Mauthenga anayamba kuvumba pafoni. "Golide wanga, dzanja lako lokha ndimaligwira ndi mtima. Enawa ndi ntchito chabe."

Koma nsanje, abale inu! Akaweruka kusitolo ya nsalu, Sravani ankathamangira kusitimako kukaona manja amene akugwiridwa.

"Wovala nsalu ya sari yobiriwira uja umamusekereranji?"

"Ndi agogotu aja, Sravani!"

"Agogo alibe dzanja?"

Prudhvi atapita kumudzi mwezi wathunthu, ati amayi akudwala, Sravani anaonda ndi maganizo. Lamlungu loyamba Prudhvi atabwerako, Sravani anapeza pakhomo pa sitima mtsikana wamaluwa oyera m'tsitsi, atamubweretsera Prudhvi mpunga. Mnyamata uja anatuwa.

"Uyu ndi Harika, mwana wa amalume. Msuweni chabe."

Chabe? Kwathu kuno msuweni ndiye woyamba kumuopa! Sravani analowa m'sitima ali pambuyo pa Harika, maso ali tcheru. Pakakhomo paja Prudhvi sanamugwire dzanja msuweniyo, ndipo mtima wa Sravani unakhalako pansi.

Kenako Harika anakwinya sari n'kukweza phazi. Pachala chachiwiri panali mphete zasiliva, zatsopano, zonyezimira, zija mkwati amamuveka mkwatibwi tsiku laukwati.

"Mwakwatiwa liti, achemwali?" anafunsa Sravani.

"Mwezi wathawu," anatero Harika mwamanyazi, akumuba ndi diso Prudhvi. "Kodi anzawo akuno sanakuuzeni? Ee, bambowa kubisa!"

Ndiye matenda a amayi aja anali amenewa? Alendo am'mbuyo anali akukankha, pobwerera panalibe. Prudhvi, mwachizolowezi, anatambasula dzanja.

"Pang'onopang'ono, chemwa..."

"Lisunge, ndi la mwini."

Sravani anadutsa yekha, mutu n'kugunda chitsulo, phwa! Misozi inangoti mbwe.

"Pepani, zimapwetekatu zimenezo," anatero Harika, akumusisita pachipumi ndi dzanja lofewa.

"Kwambiri," anayankha Sravani.