Kupitirira Chikhomo Chomaliza

Usiku umene Hamadi wophika buledi anabwerera kuchokera ku chigwa cha mchere n'kufunsa kuti munthu winayo amene watumidwa kuyenda patsogolo pake ndi ndani, anzake anamuseka. Anati utsi wa mu uvuni wamulowa m'mutu. Amene sanaseke ndi a Mongi okha, mkulu wokonza mapampu a madzi m'minda ya kanjedza.

Anthu amenewa ankasonkhana Lachinayi lililonse pemphero lomaliza la ku mzikiti likatha, kumapeto kwa tauni yathu kumene mitengo imathera n'kuyamba chigwa cha mchere. Amuna akuluakulu, ena a imvi, kupikisana matochi ngati ana. Magalimoto awo ankaimika motsamira mpanda wanga osapereka ngakhale moni, ndipo tiyi wawo sanandiitanirepo. Koma denga la nyumba yanga ndi lathyathyathya, ndipo nkhalamba yosowa tulo imamva zambiri ili pamenepo.

Kale ankangokangana pakamwa, aliyense kutama tochi yake, mpaka Lotfi wogulitsa mankhwala anabweretsa malamulo. Zolembedwa pa bokosi anasiya kuzikhulupirira. Tochi iliyonse inkamangidwa pa chitsulo chimodzi cha miyendo itatu, batire lili lodzaza, ndipo ankaisiya itenthe kaye, chifukwa matochi a masiku ano amawala mwamatama poyamba kenako n'kufooka, ngati eni ake. Pa mcherepo anakhoma zikhomo mondondozana. Munthu mmodzi ankamangirira kumsana bolodi loyera lolembedwa chilembo chakuda, n'kumayenda osacheuka, wopanda nyali m'manja. Oonerera akalephera kuwerenga chilembocho ankazimitsa tochi, ndipo woyendayo ankabwera kudzanena chikhomo chimene wafika. Kufuula sikunkathandiza, poti pa mchere mawu amasochera. Lamulo linali lakuti kuwala kukakhala kumsana kwako pita, kukazima bwerera.

Ntchito ya bolodiyi poyamba inali ya Zied, mwana mmodzi yekhayo wa a Mongi, asanakwere bwato lozemba lopita kutsidya kwa nyanja. Bwatolo silinafike, ndipo m'mphepete mwa nyanja simunapezeke mtembo wake. Mayi ake, a Mabrouka, ankayalabe bedi lake madzulo aliwonse.

Zied atapita, bolodilo ankanyamula ndi Hamadi, koma Lachinayi lotsatira usiku umene anamuseka uja anakana kulinyamula. Lotfi anamunyogodola kuti bambo wa ana akuthawa mthunzi wake womwe, nalongosola kuti kuwala kukagunda nkhungu kumatha kujambula munthu patsogolo. Kuti atsimikize, anati ayatse popanda kutuma aliyense. Anamanga tochi ya a Mongi pa chitsulo, kuwala kunadutsa zikhomo zonse kali mzere woongoka, ndipo kuseka kunatha pang'onopang'ono ngati madzi olowa mu mchenga.

Kupitirira chikhomo chomaliza, kumene mchere ndi wopyapyala moti ngamira imamira mpaka khosi, kanthu koyera kankagwedezeka. Kanali bolodi kumsana kwa munthu. Ankayenda mosafulumira, kuloza kutali, phewa lamanzere lili lotsika. Aliyense amene analipo ankadziwa mnyamata amene anathyoka phewa limenelo atagwa mu mtengo wa kanjedza, koma panalibe amene anatchula dzina.

Mawa lake nkhani inali itadzaza tauni. Ku nyumba yosambiramo amayi ankanong'ona kuti ndi majini a mu mchere amene amavala thupi la munthu wosaikidwa m'manda. Ku malo omwera khofi ankati ndi ozembetsa mafuta akuopseza anthu kuti asaone njira yawo. Shehe anangoti zinthu za usiku zizisiyidwa ndi usiku wake. Ine amene ndakhala m'mphepete mwa mcherewu chibadwire sanandifunse kanthu.

A Mongi sanadikirenso Lachinayi. Anagulitsa njinga yawo yamoto n'kuitanitsa tochi yaitali ngati mkono, ya galasi lalikulu ngati mbale, yoponya kuwala kopyapyala kutali kwambiri. Ankati akufuna kungoona nkhope, kamodzi kokha, adziwe chowauza mayi a kunyumba. Usiku uliwonse ankamanga tochiyo pa chitsulo, ndipo usiku uliwonse msana uja unkaoneka, ukupita. Batire likayamba kufooka ankayatsa tochi ina yoyambayo isanazime, kuopa kumutaya mu mdima. Ankachezera choncho mpaka kum'mawa kuyere, pa mchere n'kukhala mbee, popanda munthu kapena phazi. Anawonda, masaya analowa, mapampu a anthu anafera m'minda. Tochi ikakhala yamphamvu kuposa yadzulo, munthu uja ankaonekera patali kuposa dzulo.

Amene anazindikira ndi Hamadi, chifukwa msana wake unkadziwa ntchitoyo. Usiku wina anabwera ndi Lotfi, atatenga buledi wotentha, nakhala pansi pambali pa mkuluyo.

"Amalume," anatero chapansipansi, "mukumuthamangitsa ndinu."

"Ukuti chiyani, mwana iwe?"

"Akumvera lamulo. Kuwala kuli kumsana kwake. Ine ndikanakhala kumeneko sindikanacheuka."

A Mongi anayang'ana tochi yawo ngati akuiona koyamba. Lotfi anayamba kunena kuti izi ndi zopanda nzeru, kuti onse apite kwawo akagone. Mkuluyo anatambasula dzanja, nazimitsa.

Mdima unagwa wandiweyani. Kunalibe mwezi, ndipo maso amene ayang'ana kuwala kwa nthawi yaitali saona ngakhale nyenyezi. Kunamveka mchere ukuthetheka wokha ndi kuzizira, galu akuuwa kuseri kwa minda, kenako zonse zii. Anadikira mpaka Lotfi anapuma mokweza ngati munthu amene wapambana mlandu. Pomwepo, kutali kwambiri, kunamveka tswa. Patapita kanthawi, tswa. Anali mapazi oswa khungu la mchere, osathamanga, osaima, phazi limodzi lolemera kuposa linzake. Akuyandikira, mphepo inabweretsa fungo limene kwathu kuno kulibe: fungo la ndere zowola ndi madzi a m'nyanja, chonsecho nyanja ili ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera pano.

Mapaziwo anadutsa zikhomo zapakati. Anadutsa zapafupi. Panayamba kumvekanso kudontha kwa madzi, do, do, pa mchere wouma. A Mongi anali ataimirira, manja ali patsogolo ngati wakhungu.

Ophunzira sapirira chinthu chimene sanachiyeze. Lotfi anatulutsa katochi ka m'thumba n'kuyatsa.

Anaona msana. Unali pafupi moti munthu akanaponya chipewa n'kuugunda. Malaya anali onyowa, omatirira thupi, tsitsi lili ndi mchenga, ndipo chilembo cha pa bolodi chinali chitasukuluka. Munthuyo anali atatembenuka kale, akubwerera kumene wachokera, mosakwiya, ngati wantchito amene watumidwanso.

A Mongi sanakuwe. Anatenga katochiko m'manja mwa Lotfi, nakazimitsa, nakabwezera m'thumba la mwini wake, ndipo anawauza onse awiri kuti azipita asadzabwerenso. Usiku umenewo mapazi sanabwerere.

Chichokereni tsiku limenelo mpikisano wa matochi unatha, ndipo mpanda wanga unapuma. A Mongi amabwera okha. Amayatsa kamphindi kuti msana uja uoneke, amazimitsa, kenako ndimamva akumasula chivundikiro n'kutulutsa batire, kulikulunga mu mpango ndi kulimanga mfundo zambirimbiri. Amadziopa okha. Mapazi aja amabwera mpaka pa chitsulo n'kuima. Mkuluyo amayankhula motsitsa mawu, za zipatso za chaka chino, za pampu ya kwa aneba, za bondo la mayi. Yankho sindinalimvepo, koma amasiya mipata ngati munthu amene akumvetsera. Mwazini wa ku mzikiti akamaitanira anthu kupemphero kum'bandakucha amapita kwawo, thalauza lili lonyowa mbali imodzi.

Amayi a pamsewu wawo akuti a Mabrouka anafunsa amuna awo ngati ndi mwana wawo uja. A Mongi anayankha kuti sanamuone, koma amapuma ngati iye. Mayiwo anapempha kuti awatenge, anagwada, analumbira kuti akhala chete. A Mongi anatsekera matochi onse m'bokosi la zitsulo, kiyi n'kumangirira m'khosi.

"Iwe sungapirire," anawauza. "Ungafune kuona nkhope. Ndipo akapitanso, sindikudziwa ngati angabwerere."

Dzulo madzulo, mkuluyo atangodutsa kupita pa mchere, pakhomo panga panagogoda munthu. Anali a Mabrouka, atafunda nsalu yakuda, nsapato zili m'manja kuti zisamveke. Ndi munthu woyamba wa m'tauni muno kundipatsa moni mwaulemu pa zaka zambiri. Anafunsa za thanzi langa, kenako anati amva kuti ndili ndi tochi yakale yachitsulo imene ndinkalondera nayo kumunda.

Ndinawauza kuti ilipo, koma ilibe mabatire.

"Musavutike, achimwene," anatero, akutsegula chikhato. "Ndabwera nawo."