Mlamu Anandisiya pa Nambala Seveni

Ine ntchito yanga ndi yokonza mawotchi. Tsiku limenelo linali Lachinayi. Ndikutsekera mawotchi a eni ake m'kabati, mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono, anaimika galimoto pakhomo pa kashopu kanga.

"Alamu, tsekani. Tikamenyeko gofu."

"Nthawi ino? Folo yakwana kale."

"Maenje naini okha. Dzuwa likadalipo."

Ndisaname, ndinakondwa. Gofuyo anandiphunzitsa ndi iyeyo zaka khumi zapitazo, pabwalo la kuphiri lomwe aliyense amangolipira pakhomo n'kulowa. Koma kwa miyezi ingapo anali atasiya kundiitana. Ankapita yekha madzulo, n'kubwera mochedwa. Anali atawonda moti malaya ankangomulendewera ngati obwereka. Mlongo wanga ankati munthuyo sagona, amangokhala m'mphepete mwa bedi n'kumapukuta ndodo zake za gofu. Ndiye atandiitana ndinati mwina wayamba kupezako bwino.

Bwalo lija ndi lothyola msana. Maenje anayi oyamba umakwera phiri, chikwama cha ndodo chili paphewa, mpaka mawondo kulira. Kenako umatsikira m'chigwa cha mitengo ya paini. M'menemo pomenyera m'popanikiza. Ukangopotoza dzanja pang'ono, mpira walowa m'mitengo, ukauiwale.

Mayi wogulitsa matikiti anayang'ana wotchi yapakhoma, kenako anayang'ana mlamu.

"Lero muli awiri?"

"Tili awiri," anayankha mlamu.

Mayiyo anandipatsa tikiti osandiyang'ana kumaso.

Tinayamba bwinobwino. Koma mlamu ankachedwa. Amati akaika mpira pansi, auchotsenso. Amange nsapato. Ayese ndodo iyi, aibweze, atenge ina. Ndinamuseka kuti kodi akudikira kuti dzenje limutsatire. Sanaseke. Pomwe timamaliza dzenje lachisanu ndi chimodzi, dzuwa linali litabisala kuseri kwa phiri ndipo pabwalo ponse panalibenso wina.

"Tibwerere," ndinatero. "Mpira sitiuonanso."

"Atatu okha atsala, alamu. Musandikhumudwitse."

Dzenje la nambala seveni lili pansi penipeni pa chigwa. Kumazizira ngakhale nthawi yotentha. Titafika poyambira, tinapeza munthu ataima pafupi ndi chikwangwani. Anali bambo wamtali, wa juzi yotuwa, ndodo imodzi yokha m'manja. Analibe chikwama.

"Ndingalowe nawo?" anafunsa. Mawu ake anali aulemu, otsika.

Pabwalo ngati lija zimenezi sizachilendo. Munthu akakhala yekha mumamulola. Ndisanatsegule pakamwa, mlamu anayankha.

"Amene ndinkanena aja ndi awa."

Bamboyo ananditembenukira. Nkhope sindinaione bwino chifukwa cha chipewa. "Dzina lawo ndani?"

Mlamu anatchula dzina langa lonse. Anawonjezanso dzina lapaubwana, lomwe ankandiitana malemu mayi athu. Dzina limenelo ngakhale ana anga salidziwa.

Kenako anatulutsa khadi lolembapo zigoli ndi kapensulo, n'kundiika m'dzanja.

"Muzilemba ndinu. Ine ndaiwala ndodo pa nambala sikisi. Yambani, ndikupezani."

Anakwera chitunda, chikwama chake chonse paphewa. Ndinaganiza kuti munthu wokatenga ndodo imodzi chikwama amachisiya pansi.

"Yambani ndinu," anatero bamboyo.

Ndinamenya. Mpira wanga unagunda nthambi n'kugwera pakapinga. Iye anaika wake, n'kukweza ndodo. Ndodo inatsika, mpira unanyamuka, koma sipanamveke phokoso lililonse. Amene anamenyapo gofu akudziwa kaphokoso kaja, kamamveka mpaka kuphiri. Apa panali zii.

Tinayenda. Iye patsogolo, ine pambuyo. Pansi panali timasamba touma ta paini ndi tinthambi. Mapazi anga ankaswa tinthambito. Ake ayi.

Pafupi ndi dzenje pali malo a mchenga. Mpira wake unali mmenemo. Analowa, anamenya, anatuluka. Mwachizolowezi ndinatola chosalazira chomwe chimakhala pambali kuti ndimufufutire mapazi. Mchengawo unali wosalala ngati sunapondedwepo.

Nthawi yomweyo ndinamva galimoto ikulira kumtunda. Galimoto ya mlamu ndimaidziwa. Imatsokomola kawiri isanalire. Inatsokomola kawiri. Ndinaona magetsi ake akudutsa pakati pa mitengo, akutsika msewu, mpaka anazimiririka.

"Apita," anatero bamboyo. "Lembani. Ine zinayi, inu zisanu ndi chimodzi."

Ndinalemba. Sindikudziwa chifukwa chake. Dzanja linangolemba.

Tinamenya nambala eyiti. Mdima unali utagwiratu, koma mipira iwiriyo inkaoneka mbee, ngati mazira pa kapinga. Ndinadzilimbitsa mtima kuti latsala dzenje limodzi. Nambala naini imakwera phiri n'kukathera pakhomo pa ofesi, pomwe pamakhala nyale ndi mlonda. Tinadutsa kanjira kapakati pa mitengo, kanjira komwe ndadutsamo kosawerengeka. Tinatulukira pa chikwangwani. Ndinachiyatsira foni.

Chinali cha nambala seveni.

"Yambani ndinu," anatero bamboyo.

Ndinaponya chikwama pansi n'kuthamanga. Ndinalunjika kumtunda, nthambi zikundikwapula kumaso. Ndinakwera mpaka chifuwa kutentha. Nditaona poyera ndinati ndafika pa msewu. Panali pa chikwangwani chomwe chija. Chikwama changa chinali chitaimikidwa bwinobwino, ndipo iye anali atandisankhira kale ndodo, akundipatsira chogwirira.

"Mlamu wanu ankathamanganso masiku oyamba," anatero. "Anasewera nane miyezi isanu ndi iwiri. Ndi munthu wabwino, koma anatopa."

"Mukufuna chiyani kwa ine?"

"Timalize basi. Sindikonda kusewera ndekha."

Tinasewera. Seveni, eyiti, seveni, eyiti. Foni inazima. Wotchi yanga, yomwe ndimaisamala ndekha ndipo sinatayepo mphindi, inaima pa hafu sikisi. Khadi litadzaza ndinalemba kuseri. Manja anatuluka matuza, matuzawo anaphulika. Iye sanalankhulenso zambiri. Ndikamenya bwino ankangoti, "Mwaitha." Chomwe chinkandiwawa si manja, si mantha. Ndinkangoona mlamu akukwera chitunda chija osacheuka ngakhale kamodzi.

Anandipeza m'mawa ndi mkulu wotchetcha udzu. Akuti ndinali nditakhala mumchenga wa pa seveni, ndodo pamiyendo, mame ali thupi lonse. Anandigwira mkono mpaka kukashedi kake, n'kundithirira madzi otentha m'beseni kuti ndiviike manja. Sanandifunse kuti ndagona bwanji panja. Anangofunsa funso limodzi.

"Anakubweretsani ndani?"

"Mlamu wanga."

Anapukusa mutu. Anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu. Anati iye ntchito anayamba nkhaniyo itachitika kale, koma amene anawapeza ankanena kuti panali bambo wina yemwe ankasewera ndi anzake atatu. Tsiku lina mpira wake unalowa m'mitengo pa seveni. Analowa kukaufuna. Anzakewo anamudikira pang'ono, n'kunena kuti awapeza. Anamaliza masewera awo, anamwa zakumwa zawo, aliyense n'kupita kwawo. Munthuyo anapezeka patapita masiku awiri, atatsamira mtengo. Ena amati unali mtima. Ena amati anathyoka mwendo ndipo anaitana usiku wonse.

"Ife ikakwana hafu faifi kumunsi kuja sititsikako," anatero mkuluyo. "Ndipo bambo uja, munthu amene wamulembera zigoli samusiya, mpaka atamupezera wina."

Sindinapite kunyumba kwanga. Ndinapita kwa mlongo wanga, manja atakulungidwa nsanza. Ndinamupeza akuyanika zovala kuseri. Atandiona anaima, malaya ali m'manja.

"Ali kuti mwamuna wako?"

"Akugona, achimwene. Chonde musawadzutse. Chigonereni dzulo seveni koloko. Miyezi yonseyi sanagonepo chonchi."

"Ukudziwa kumene ndagona ine?"

Anawerama n'kutola chopanira zovala chomwe sichinagwe n'komwe.

"Ndikufunsa iwe."

"Akanafa, achimwene," anatero, maso ali pansi. "Munawaona mmene anathera. Ana akadali aang'ono. Tinayesa anzawo akuntchito, onse anakana kupita madzulo. Inu ndinu olimba mtima. Ndinati inu mupirira."

"Unati?"

Anatembenukira kuchingwe cha zovala.

"Dzina langa lapaubwana lija, mwamuna wako anamuuza ndani?"

Anayamba kulira, koma mwakachetechete, kuopa kudzutsa mwamuna wake. Mwana ameneyu ndinkamubereka kumsana popita kusukulu. Tsiku la ukwati wake, bambo athu atamwalira kale, amene anamugwira dzanja kumulowetsa m'tchalitchi ndinali ine. Ndinaima pamenepo kudikira kuti mwina anena kuti pepani. Anapukuta misozi ndi malaya onyowa aja, n'kundiyandikira.

"Kodi mulibe mnzanu wina amene amafuna kuphunzira gofu?" ananong'ona.

Ndinatuluka pageti osatseka.

Papita miyezi itatu tsopano. Mlamu wanenepa, ndodo zake anagulitsa. Tikakumana pamsewu amawolokera tsidya lina. Ine ikamakwana faifi, ngakhale nditagwira wotchi ya munthu, manja amasiya okha ntchito. Ndinayesa kudzitsekera m'chipinda n'kupatsa mkazi wanga kiyi. Ndinamva kugogoda pawindo, katatu, ngati mutu wa ndodo pagalasi, ndipo mawu aulemu aja anaitana dzina lomwe ankandiitana mayi. Mkazi wanga sanamve kanthu. Mawa lake ndinapitanso ku seveni.

Sindinaitanepo munthu. Ndinalumbira kuti zimene anandichita ine sindidzachitira wina. Koma wometa tsitsi woyandikana ndi shopu yanga amandiona tsiku lililonse ndikunyamula chikwama. Ndi munthu wansangala, ali ndi ana anayi. Wandipempha kawiri konse kuti ndizimutenga akaone mmene amamenyera. Ndimamuuza kuti ndodo zanga n'zosakwanira anthu awiri.

Dzulo wabwera kudzandionetsa zake. Wagula kwa mlamu.