Mtengo wa Dola Umene Sunamangidwe

Lolemba m'mawa, 8 koloko, wailesi inalengeza kuti ndalama ya dziko yagwa mphamvu. Dola imene Lachisanu inali pa 1,000 inadzuka ili pa 1,600. M'tauni amalonda anagwira mitu. Ena anatseka mashopu kuti asinthe mitengo, ena anangokhala kukamwa kuli yasa.

Mwini fakitale yopanga makope a ana asukulu, amene antchito awo 46 ankangowatchula kuti Amayi, sanatekeseke. Anazimitsa wailesi n'kupitiriza kumwa tiyi.

Mtima unali m'malo pa chifukwa. Mapepala onse a fakitaleyo ankachokera kunja, ndipo ankalipiridwa m'madola patatha miyezi itatu katundu atafika. Miyezi itatu ndi yaitali, ndalama ikhoza kugwa iwe uli m'tulo. Choncho Amayi ankagula pangano kubanki. Umalipira kangachepe lero, banki n'kulonjeza kudzakugulitsa madola pa mtengo womanga, tsiku lakutilakuti, zivute zitani. Ndalama ikapanda kugwa, kangachepe kaja kapita, ngati inshulansi ya galimoto imene sinachite ngozi. Ikagwa, wapulumuka. A kubanki amalitcha opushoni. Amayi ankangoti ambulera.

Lachisanu la sabata yomweyo, isanakwane 12 koloko masana, ankayenera kulipira madola 200,000. Akalephera, makina aakulu osindikizira, amene anawaika chikole kwa ogulitsa mapepalawo, ankayenera kutengedwa. Popanda makinawo panalibe fakitale.

Woyendetsa mapangano onsewa anali mlamu wawo, mwamuna wa mng'ono wawo, amenenso anali akauntanti wa pafakitale. Antchito anawapatsa dzina loti a Tayi, chifukwa ngakhale dzuwa likuswa mtengo tayi sinkachoka pakhosi pawo.

"Alamu, tiyeni kubanki tikatsegule ambulera yathu," anatero Amayi.

"Tsogolani, alamu. M'mimbamu simuli bwino. Ndikupezani."

Amayi ananyamula failo n'kupita okha. Nthawi ya 10 koloko anali mu ofesi ya mkulu woona za ndalama zakunja. Mkuluyo anawerenga kalata ya pamwamba, anayang'ana pakompyuta, n'kuiwerenganso. Kenako anadzuka kukatseka chitseko.

"Mayi, pangano ili kuno kulibe."

"Kulibe bwanji? Chidindo ndi chanu. Siginecha ndi yanu."

"Ikufanana ndi yanga. Fakitale yanu inasiya kugula mapangano zaka zitatu zapitazo. Ndinafunsa akauntanti wanu, anati mwapeza banki ina yotchipa. Kuyambira pamenepo mumangogula madola pa mtengo wa tsikulo."

Amayi anayang'ananso failo ija. M'failomo munali makalata khumi ndi awiri, imodzi pa miyezi itatu iliyonse, ndipo iliyonse anailipirira ndi cheke chosainidwa ndi dzanja lawo. Anawerengera mwachangu kuseri kwa envelopu. Pa mtengo watsopanowu, ndalama zimene anasunga zinkaperewera ndi madola 75,000.

Masana omwewo nkhani inafika kupolisi. Anaipatsa Insipekitala wa milandu ya chinyengo, mwamuna wamfupi wosachedwa ndi mawu, amene ankawerenga pepala ndi chala ngati mwana woyamba kumene sukulu. Anthu ambiri anamupeputsapo chifukwa cha chalacho, ndipo ambiri mwa iwo akudya za boma kundende mpaka pano.

A Tayi anabwera okha, m'mimba mutachira, tayi ili gwa.

"Bwana, ine ndi amene ndaberedwa. Ndinkatapa ndalama n'kukapereka pamanja kwa mkulu wa kubankiyo. Ankati tikatero atichotsera pang'ono. Makalatawa ankandipatsa ndi iye."

"Lisiti?"

"Makalatawo ndiye malisiti."

Amayi anakhulupirira. Tisawaseke. Munthu amene wadya naye patebulo limodzi zaka khumi ndi zisanu, bambo wa ana a mng'ono wako, mtima sufulumira kumutcha mbava. Chibale ndi fupa, ndipo munthu amalola kuti wolakwa akhale mlendo.

Lachiwiri Insipekitala anayala makalata onse patebulo, pambali pake makalendala a zaka zitatu. Chala chinayenda, n'kuima. Chinayendanso, n'kuimanso. Anaitanitsa mkulu wa kubanki uja, amene anafika nkhope itagwa chifukwa bwana wake anali atamuimitsa kale ntchito.

"Tsiku logulira madola limasankhidwa bwanji?"

"Masiku 90 kuchokera tsiku losainirana."

"Likagwera Lamlungu?"

"Timakankhira Lolemba. Kompyuta siingavomere n'komwe."

"Makalata awiri apa akunena Lamlungu. Imodzi ikunena Loweruka."

Mkuluyo anaseka koyamba m'masiku awiri. "Bwana, ndagwira ntchitoyi zaka makumi awiri. Ngakhale nditasanduka wakuba lero, dzanja langa silingalembe Lamlungu. Amene analemba izi anangowerenga masiku pakalendala."

Zimenezi zinasonyeza kuti wolembayo si wa kubanki, koma sizinatchule munthu. Lachitatu m'mawa Insipekitala anapita kufakitale. Sanalowe mu ofesi. Analunjika kumakina, kumene kapitawo, mkulu wa imvi amene zala zake inki inalowerera mpaka kalekale, ankayang'anira ntchito. Anamupatsa kalata imodzi popanda kunena kumene yachokera.

Kapitawo sanaiwerenge. Anaigwedeza pafupi ndi khutu, anaiyang'anitsa padzuwa, n'kuyendetsa chala m'mphepete mwake.

"Pepala lathu ili."

"Mapepala onse si ofanana?"

"Kwa inu, bwana. Gwirani apa. Mwamva kamzera? Mpeni wathu wodulira unabenthuka pang'ono, ndipo a Tayi akhala akukana kugula wina, ati ndalama palibe. Chilichonse chodulidwa muno chimatuluka ndi kachizindikiro aka."

"Ndani anadulitsapo mapepala a saizi iyi?"

Kapitawo anayang'ana ku ofesi, n'kuyang'ana pansi. "Ife timadula za makope basi. Saizi ya kalata ndinadulapo kamodzi, zaka zitatu zapitazo. Anati n'zakunyumba, ana azijambulapo."

"Anati ndani?"

"Bwana, si mpongozi wanga kuti ndiziopa kumutchula dzina, koma ndi amene amalemba malipiro athu."

Pamene Insipekitala ankakwera masitepe a ku ofesi, a Tayi anali atatulukira khomo lakuseri. Anasiya jekete pampando kuti azioneka ngati angopita kuchimbudzi. Kunyumba sanafike.

Anagwidwa Lachinayi, 6:30 m'mawa, pa depoti ya mabasi opita kumalire. Anali atavula tayi kuti asadziwike, koma khosi linali ndi mzere woyera pamene dzuwa silinafikepo kwa zaka zambiri. M'chikwama munali malaya awiri, mswachi, ndi masokosi asanu otupa. M'masokosimo munali madola 70,000.

Amayi anaitanidwa kupolisi 9 koloko. Anapeza madolawo atasanjidwa patebulo, mlamu wawo ali pabenchi, unyolo uli m'manja.

"Alamu, chifukwa chiyani?"

"Ulendo woyamba ndinangofuna kukuonetsani kuti tikutaya ndalama," anatero a Tayi, maso ali pansi. "Ndalama yathu inali itakhazikika. Tinkangonenepetsa banki. Ndinati ndisunge, ndidzakudzidzimutseni nazo. Miyezi itatu inatha, palibe chinachitika. Inanso itatu, palibe. Kakhumi ndi kamodzi konse ndinalondola, alamu."

"Munkakhulupirira kuti ndalama siigwa?"

"Ndi mtima wonse."

"Nanga zanuzi munazisungiranji m'madola?"

Insipekitala analemba funsolo m'kope mwake, n'kusiya mzere wopanda kanthu pansi pake.

Apa ndi pamene Amayi anakwiya zenizeni, mkwiyo wopanda phokoso. Kuba kokha akanakumvetsa, anthu amaba. Chimene chinawapweteka n'chakuti mlamu wawo ankadziwa bwino lomwe kuti mvula ikubwera. Anadzifunditsa okha, n'kusiya anthu 46 ndi ana awo pamtetete.

Komabe mtima unayamba kuwerengera. Madola 70,000 anali pomwepo, pafupi moti akanatha kuwagwira. Otsala 5,000 akanawapeza pogulitsa lole. Mawa 12 koloko inali isanakwane.

"Bwana Insipekitala, ndisaine pati? Ndikufuna ndithamange nazo kubanki."

Insipekitala anavula magalasi. "Mayi, izi ndi umboni. Zikhala m'sefa mpaka khoti litagamula."

"Ndi zanga!"

"Ine ndikudziwa. Inu mukudziwa. Koma loya wa alamu anu wanena kale kuti ndi za bizinesi yawo ya magalimoto. Mpaka woweruza atanena, zilibe mwini."

"Mawa makina anga akupita."

"Ndikulemberani kalata yopempha khoti. Koma sindikunamizani, woweruza ali ndi milandu mpaka mwezi wamawa."

Amayi anathamanga tsiku lonse. Kukhoti anawauza kuti abwere sabata yamawa. Kubanki anawamvera chisoni, anawapatsa tiyi, koma ngongole anakana, poti sabata imeneyo aliyense ankapempha madola. Ogulitsa mapepala anayankha lamya mwaulemu kuti nawonso ali ndi owangongoza. Madzulo mng'ono wawo anabwera kunyumba akulira, kudzapempha kuti athetse mlandu chifukwa cha ana. Amayi anamukumbatira, analira naye, koma mlandu sanathetse.

Lachisanu 12 koloko inakwana makina akulira. Kapitawo anakwera masitepe, chipewa chili m'manja.

"Amayi, tizimitse?"

"Malizani amene ali m'katiwo. Kope latheka silithandiza mwana."

Patatha masabata atatu anabwera anthu ndi masipanala ndi lole yaikulu. Anamasula makinawo tsiku limodzi lokha. Pansi panatsala mabowo a mabawuti ndi banga la oilo.

Mlandu unatenga miyezi khumi ndi inayi. Khoti linapeza a Tayi olakwa pa kuba ndi kupeka makalata abodza, ndipo linawalamula kukakhala kundende zaka zisanu ndi ziwiri. Mkulu wa kubanki anabwezeredwa pa ntchito. Kapitawo anali atayamba ulonda pasitolo ina ya matayala, ndipo anabwera kudzachitira umboni atavala yunifolomu ya kumeneko.

Atatuluka m'khoti, Insipekitala anaitana Amayi mu ofesi yake. Anatsegula sefa, anawerenga madola aja imodziimodzi ndi chala chake, n'kuwaika mu envelopu yakhaki.

"Onse alipo, mayi. Ndipo dola lero ili pa 2,300. Zachuluka kuposa kale."

Amayi anasaina. Anaigwira envelopuyo kwa kanthawi, akumva kulemera kwake.

"Zachuluka ndithu," anatero. "Nditengereni kufakitale ndikawauze antchito anga."

Onse awiri ankadziwa kuti m'fakitale muja tsopano munali mosungira matumba a simenti.