Thole la a Anjelina

Ku Nchema, ukafunsa kuti pakhomo pa dongosolo ndi pati, anthu ankakulozera kwa a Eluby. Mayi ameneyu sukulu anailekezera sitandade thuu, koma pa nkhani ya ng'ombe ngakhale alangizi ankamuvulira chipewa. Amuna awo atamwalira, gulu la alimi a mkaka linawapatsa ng'ombe imodzi, iwo n'kuitcha Tadala. Lamulo la gululo linali lodziwika: thole lalikazi loyamba si lako, umapatsira mnzako amene ali pamzere. Pofika chaka cha 2009 thole la Tadala linali litakula, ndipo amene ankaliyembekezera anali a Anjelina, mayi wamasiye wa ana anayi. Khola anali atamanga kale, nsenjere atadzala kale.

Mkaka wa Tadala ndi umene unaphunzitsa Josephine, mwana mmodzi yekhayo wa a Eluby, mpaka folomu folo, kenako kosi ya kompyuta ku Limbe. Anali mtsikana waulemu, woyimba kwaya. Koma kukosiko anakapezako mnzake Tracy, wa pakamwa pothira shuga.

"Iwe, kukongola konseku uzingonunkha ndowe mpaka liti?" anatero Tracy tsiku lina. "Anzako tikucheza ndi azungu pa intaneti. Tiye ku kafe ya intaneti, ndikakutsegulire akaunti."

Sabata isanathe kunabwera kalata ya munthu wotchedwa Edwin, pamodzi ndi chithunzi cha bambo wa jekete atatsamira galimoto. Anati ndi injiniya wa ku Ulaya wogwira ntchito pa sitima ya panyanja, ndipo mkazi wake anamwalira. Pofika kalata yachitatu anali akumutchula kale Josephine kuti mkazi wanga. Mutu wa mwana unazungulira. Chikwakwa chinayamba kumulemera, ndipo anayamba kunama kuti ali ndi makalasi ngakhale Loweruka.

Tsiku lina chimwemwe chinamukanika kubisa. Anasindikiza chithunzi chija n'kukawaonetsa amayi ake ali kukhola.

A Eluby anapukuta manja pachitenje, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. "Ndi wooneka bwino. Atsibweni ake ndani?"

"Amayi, azungu alibe zimenezo."

"Nanga mawu ake unawamvapo?"

"Akuti pa sitima foni sigwira."

"Mwanawe, ng'ombe sitigula pachithunzi. Timapita kukhola kwake, kuiyang'ana mano, kuiona ikukamidwa. Kwathu kuno mwamuna ndiye amayenda. Amatuma nkhoswe, amabwera kudzamanga, timamuona ndi khasu m'manja. Tsiku limene adzakupemphe kanthu, udzandiuze."

Josephine anavomera ndi pakamwa pokha. Mumtima ankati amayi ndi achikale.

Tsikulo silinachedwe. Edwin analemba kuti watumiza phukusi la laputopu, mphete, diresi laukwati ndi ndalama zoti amayi agulire ng'ombe khumi, koma phukusilo lagwidwa ku Joni. Pakufunika msonkho Lachisanu lisanafike. Ndipo anawonjezera kuti: usauze munthu aliyense, anthu ndi ansanje.

"Ndalama yotere ndiitenga kuti?" Josephine anafunsa Tracy.

"Kwanu kulibe thole? Thole limodzi n'chiyani poyerekeza ndi khumi? Mayi ako adzakuvinira."

Lachitatu a Eluby anapita ku maliro ku Kadewere. Lachinayi m'mawa, anthu akuona, kunafika kagalimoto ka munthu wogula ziweto, wa mtundu uja wosafunsa mafunso. Josephine anamasula thole ndi manja ake. Tadala analira mpaka galimoto inazimiririka, koma mtsikanayo anatseka makutu. Masana omwewo anali ku Limbe, kutumiza ndalama zonse ku dzina la munthu amene sanamumvepo.

Lachisanu m'mawa a Eluby anabwerera, ndipo asanalowe n'komwe m'nyumba anayambira kukhola.

"Akuba, amayi," Josephine anafulumira kunena. "Ndinangodzuka n'kupeza mulibe."

A Eluby sanakuwe. Anayang'ana chitseko, anayang'ana pansi, kenako analoza kukhoma. Chingwe cha thole chinali chopindidwa bwinobwino, chitapachikidwa pamsomali.

"Wakuba amadula chingwe, kapena amapita nacho. Kapindidwe aka ndinakuphunzitsa ndine."

Josephine anaulula zonse akulira, koma n'kumatsimikizabe kuti phukusi likubwera.

"Vala nsapato," anatero amayi ake. "Tiye ukandionetse mkamwini wangayo."

Anakwera minibasi ya ku Limbe pa Boma. Mu kafe muja anyamata anayamba kutsinana ataona mayi wa mpango ndi patapata, wonunkha utsi wa pamaliro, akukhala patsogolo pa kompyuta ngati wabwera kudzaweruza mlandu. Tracy atangowaona anakumbuka kuti ali ndi kopita. Kalata yatsopano inali itafika kale: ndalama zalandiridwa, koma pabuka msonkho wina.

"Lemba," anatero a Eluby. "Atsibweni anga a Silvesta amagwira ntchito ku Joni konko. Tiuzeni ofesi yake, akalipira pamanja n'kutenga phukusilo."

Yankho linabwera mwamsanga, ndipo Josephine anawamasulira amayi ake. Edwin anakwiya. Anati akulowetseranji achibale m'chikondi chawo, atumize ndalama lero lomwe ngati amamukondadi.

"Lembanso. Ajambulitse atagwira pepala, papepalapo alembepo dzina la ng'ombe yanga, Tadala. Akatero ndimulandira."

Anadikira mpaka nthawi imene analipira inatha. Analipiranso ina. Edwin sanayankhe tsiku limenelo, ndipo sanayankhenso mpaka lero. Pamenepo Josephine anazindikira kuti miyezi yonseyi ankakonda chithunzi cha munthu wina, chimene mbava inangotola penapake. Anachita manyazi oti akanatha akanalowa pansi.

Loweruka linali tsiku lopereka thole. A Eluby anadzuka, anakama Tadala, anamupukuta msana, n'kumumanga chingwe chomwe chija. Josephine ataona zimenezo anagwada pakhomo pa khola.

"Amayi, chonde! Tingowauza agulu kuti labedwa. Tadala akachoka tidya chiyani?"

"Bodza landidyera thole. Ukufuna lindidyerenso dzina? Nyamula udzuwo, unditsatire."

Anadutsa m'mudzi monse, mayi patsogolo ndi ng'ombe, mwana pambuyo ndi mtolo wa nsenjere. Anthu agulu anali atasonkhana kwa a Anjelina, ana atasamba ngati n'Khirisimasi. Ataona kuti ikubwerayo ndi Tadala, onse anadabwa.

"Ayi, achemwali, iyi ndiye sindingalandire," anatero a Anjelina. "Iyi ndi moyo wanu."

"Landirani. Munamanga khola chifukwa cha mawu anga. Ana awa asagone ndi chikhulupiriro chabodza."

Apa Josephine sanathenso kupirira. Anatula mtolo, anagwada pakati pa anthu, nanena yekha zonse zimene anachita, osasiyako kanthu. Palibe amene anaseka. Agulu anagwirizana kuti Tadala akadzaberekanso thole lalikazi lidzabwerere kwa a Eluby, koma ng'ombe sibereka chifukwa choti munthu walapa. Panadutsa zaka ziwiri. Kosi ya kompyuta inathera pomwepo, ndipo m'mawa uliwonse Josephine ankamweta udzu kukapereka kukhola la eni.

Inu achinyamata, safunsa anadya phula. Munthu amene simunamuonepo akakukondani msangamsanga, akakana kuonekera, akakuuzani kuti mubisire makolo, kenako n'kupempha ndalama, ameneyo si bwenzi, ndi mbala. Ndipo mtengo wa kusamva kwanu simulipira nokha. Zaka ziwiri zonsezo a Eluby sanamutonzepo mwana wawo ngakhale kamodzi, koma Josephine ankawaona m'mawa uliwonse akutsuka chigubu cha mkaka chopanda kanthu, n'kuchiyanika padzuwa.