Thukuta la Kavalo wa Apongozi Anga

Chinayamba ndi thukuta. M'mawa wina, chipale chofewa cha nyengo yozizira chisanasungunuke n'komwe, Protasi anatsegula khola n'kupeza kavalo wotuwa wa apongozi anga ali thovu lokhalokha, akupuma wefuwefu ngati wachokera kumzinda wa Mosiko osaima panjira. Chitseko chinali chitsekere, mpiringidzo uli m'malo mwake. Protasiyo anali kapolo wa pakhomopo kuyambira kale akadali ndi mano. Anabwera kukhitchini akudzilemba mtanda, n'kunong'ona kuti Mwininyumba wayamba kukwera kavalo.

Inu amakono mumaseka tikatchula Mwininyumba. Sekani, mano ndi anu. Nyumba iliyonse ili naye wake, kankhalamba kaubweya kokhala kuseri kwa ng'anjo yotenthetsera nyumba, ndipo akadana ndi mtundu wa kavalo amamukwera mdima wonse mpaka atamuumitsa.

Apongozi angawo, a Yerofeyi Lukichi, sanali munthu wamba ayi. Anayamba kutumikira Mfumu ndevu zisanamere. Anamenyana ndi Apolishi, analondera malire a kumwera, ndipo muvi wa Atatari, adani a kumeneko, unawasiyira dzenje paphewa loti mwana n'kubisamo chala. Koma minda, nkhalango ndi kamudzi kathu sizinali zawo kotheratu. Mfumu imapatsa malo munthu amene chipale chikasungunuka amafika ku bwalo la asilikali ali pakavalo, ndi lupanga, malaya achitsulo ndi wantchito wake, akuluakulu n'kumuona kuti akadali mwamuna. Ukalephera, amapatsa wina. Mwamuna wanga Sidori, mwana wawo mmodzi yekhayo, anali atagwidwa ndi Atatari, ndipo Mitya wanga anali akuyamwa. Nkhalambayo ikanangolephera, malo akanapita kwa Kondrati wa kutsidya, amene anali atayamba kale kuyang'ana dambo lathu ngati mmbulu poona khola.

Usiku wotsatira ndinamva ndekha. Ndinali ndikuyamwitsa, nyumba yonse ili zii, matabwa okha akulira ndi kuzizira. Ndiye kunamveka tizitsulo, ngwe, ngwe, pang'onopang'ono, n'kusiya, n'kuyambanso. Chinachake chinkakhula khoma chakunja, kuchokera pakhonde mpaka kukhola, ngati chikuwerenga mitengo ya khomalo ndi zala. Agalu sanauwe ngakhale mmodzi. Kutacha, malaya achitsulo amene ankapachikika pakhonde tinawapeza pa msomali wina, ali ozizira moti chala n'kumamatirapo. Wotuwa anali thovu kachiwiri.

Tinachita zonse zimene anthu amachita. Tinaika buledi wakuda ndi mchere pakona ya khola. Protasi anagonekamo tonde, poti Mwininyumba sagwirizana ndi fungo lake. Buledi anatha, koma ine ndimati anadya ndi tondeyo. Wansembe anawaza madzi odalitsa, n'kudya kabichi wathu, n'kubwerera kwawo. Kumudzi ankati Kondrati watilodza; ena ankati Sidori wafera kuchilendo ndipo akubwera kudzatenga kavalo wa bambo ake. Zimenezo ndikazimva ndinkafuna kuthira munthu madzi otentha.

Kenako apongozi aakazi, a Akulina, anagamula. Mayi amenewo pakamwa pawo pankalasa kuposa uta wa amuna awo. Ananena tili pa chakudya kuti palibenso chofunsa, mtundu wotuwa sukugwirizana ndi pakhomo pano, Loweruka Protasi akamusinthitse ndi wofiirira kumsika. A Yerofeyi anamenya tebulo mpaka chikho kugwa.

"Wotuwa sachoka pano, mayi a Sidori."

"Ndiye muzikagona naye kukholako, bambo a Sidori, muzikamutola nthata."

A Yerofeyi anangokhala, dzanja lili patebulo, chikho chawo chili pansi, osachitola. Ine mtima unandiwawa. Kavalo ameneyo anawatulutsa m'nkhondo zambiri.

Pali mwambo wake. Munthu amapita kukhola mumdima, wopanda nyali, n'kufunsa Mwininyumba kuti, n'zabwino kapena n'zoipa? Akakugwira ndi dzanja laubweya, lofunda, ndiye kuti zabwino. Likakhala lopanda ubweya, lozizira, yambani kusoka nsalu ya maliro. Lachisanu usiku ndinapita. Nyali ndinatenga ndithu, koma ndinaivundikira ndi mphika. Mwambo ndi mwambo, koma sindine chitsiru.

M'kholamo munali mdima woti ukatsinzina kapena kuphenya, chimodzimodzi. Ndinaima pafupi ndi chodyera, ndikumva Wotuwa akutafuna, tonde akununkha, mphepo ikuliza udzu wa padenga. Ndiye ngwe, ngwe, kukhula khoma kuja. Mpiringidzo unasuntha. Chinthucho chinalowa chikupuma molemera, ndipo kavalo anachilonjera ndi kakulira kapansipansi, osaopa.

Mawu anga anatuluka ngati a khoswe. "Agogo, n'zabwino kapena n'zoipa?"

Kenako dzanja linandipeza paphewa, linakwera m'khosi, linayenda pachibwano, pamphuno, pamphumi. Lozizira. Lopanda ubweya n'kamodzi komwe. Ndinakankha mphika uja ndi phazi, kuwala kunadzaza khola lonse, ndipo patsogolo panga panali apongozi anga, m'malaya achitsulo, maso ali tong'o pa nyaliyo osaphethira, zala zikupapasabe nkhope yanga.

"Ndiwe Fevroniya?" anatero. "Ukutani mumdima muno, mwana wanga?"

Mumdima. Nyali ili pamphuno pawo. Ndinagwira dzanja lozizira lija ndi manja awiri n'kuyamba kulira ngati mwana.

Anandiuza monong'ona kuti maso anayamba kuchita nkhungu nthawi yokolola, pofika Khirisimasi n'kuzimiratu. Pakhomo mapazi okha ankawatsogolera, poti nyumbayo anamanga okha. Usiku ankatuluka ndi Wotuwa kukaphunzitsana zimene amafuna kubwalo: kuthamanga mpaka pa mtengo wozikidwa, kutembenuka, kuima, kusolola lupanga. Masana anthu akanaona, Kondrati akanamva. Kavalo wina aliyense akanawagwetsa m'dzenje loyamba. Anandipempha kuti ndisawauze apongozi aakazi, ati mtima wawo ndi wofooka.

"Wofooka ndi mutu wanuwo."

Mawuwo anachokera mu udzu, kuseri kwa tonde. A Akulina anadzuka atafunda chikopa cha nkhosa, udzu uli m'mutu. Ankabisala mmenemo usiku uliwonse, kudikira kuti amve ngati nkhalamba yawo yabwerako yamoyo.

"Mumayesa sindikudziwa? Munthu wogwadira khoma lopanda zithunzi za oyera, kupemphera kwa kabati ya mbale nyengo yonse yozizira? Kavaloyu ndimati achoke kuti mukhale. Malo apite, ine ndikhale ndi mwamuna."

"Ndiye Sidori akadzabwera apeze kabichi wa Kondrati m'munda mwake? Mitya akulire m'khonde la eni?"

A Akulina anawatukwana mawu amene sindingabwereze, uku akuwamanga lamba wa malaya achitsulo amene anali atapotoka. Loweruka Protasi sanapite kumsika.

Tsiku la bwalo tinapita nawo kutauni, ngati kuti tikukapemphera. Mtengo wa kumeneko Wotuwa sankaudziwa. Choncho a Akulina anakaima kuseri kwake pakati pa anthu, n'kuyamba kukalipira mayi wina wogulitsa zitumbuwa, ati mafuta ake ndi a chaka chatha. Bwalo lonse linkaseka. A Yerofeyi analunjika pa mawu amenewo ngati muvi, anatembenuka pa mtengo penipeni, lupanga lili mmwamba. Mkulu wa asilikali anati achinyamata aonere pamenepo. Kondrati nkhope inachita ngati mkaka wosasa.

A Yerofeyi anapita kumwera ndi gulu la asilikali, Protasi atagundana nawo bondo kuti aziwatsogolera. Kuyambira tsikulo, dzuwa likalowa a Akulina ankaima pachipata n'kumakalipira msewu. Ankati nkhalamba yopanda nzeru, yosiya denga likudontha, yokonda kavalo kuposa mkazi. Anthu ankati apenga. Ine ndinkadziwa kuti akuwalozera khomo.

Madzulo amene chipale choyamba chinagwa, ndinali pambali pawo ndi Mitya. Kunja kunali kutada, mphepo itaima. Ali pakati pa nkhani ya denga, mawu anayankha kuchokera mumsewu, pafupi kwambiri, otopa koma akuseka.

"Ndamva, mayi a Sidori. Ndamva."

Ndinamva ndi makutu angawa, ndipo sindinama kuti ndikondweretse inu. Ndinatsegula chipata ndi kukweza nyali. Msewu unali woyera, wosapondedwa. A Akulina anaima kanthawi atagwira chipatacho, ngati akudikira munthu woyenda pang'onopang'ono kuti adutse, kenako anatseka okha.

Protasi anafika patapita masiku, akukoka Wotuwa, lupanga lili pachishalo. Anati a Yerofeyi malungo anawatenga ali pa ulonda, ndipo poti anafera pa ntchito ya Mfumu, malo akhala a Mitya. Anayamba kufotokoza tsiku lake ndi mmene anawaikira m'manda, koma a Akulina anamudula mawu.

"Ukuuza ndani? Mdyetse kavaloyo. Mwini wake anafika kale."