Nyemba za pa Khonde la Watipaso

Watipaso ankaphunzitsa sayansi pa sekondale ina pafupi ndi Bandawe. Tsiku lina madzulo akusankha nyemba pakhonde, anafika a Dingani, mkulu wa mpingo, nkhope ili gwaa.

"A madamu, akuti mukuuza ana kuti dziko linangochitika mwamwayi."

"Sindinatero, Ada. Ndinati chinthu chikamwazika sichidzisonkhanitsa chokha. Ndiwo malamulo a chilengedwe."

"Nanga nyenyezi anaziyala ndani? Tayani nyembazo kachikwi, muone ngati zingafole mzere zokha. Nkhaniyi ndikaitula kwa abusa."

Watipaso anadziwa tanthauzo lake: kudulidwa mu mpingo.

Mdima utangogwa, magetsi anathima. Ali m'nyumba, anamva pakhonde kuti waa! Kenaka zii. Waa! Anayatsa tochi ya pafoni n'kutsegula chitseko pang'ono.

Panali munthu, atanyonyomala, atamufulatira. Malaya ake anali onyowa koma simenti inali youma. Anaponya nyemba, zinabalalika khonde lonse. Kenaka zinayamba kugubuduka, imodziimodzi, kubwerera m'dzanja lake.

"Tawerengerani, aphunzitsi," anatero munthuyo osacheuka. "Zoterezi zingachitike kangati pa maulendo chikwi?"

Mutu wa Watipaso unkagwirabe ntchito. Ulusi, anaganiza. Kapena maginito. Mdala uja watuma munthu kuti andiopseze. Anawalitsa pansi. Ulusi panalibe. Nyemba ina inakwera pa phazi lake, yozizira, n'kutsikira mbali inayo.

Anamenyetsa chitseko, nakhala pampando mpaka tambala kulira.

Kutacha anathamangira kwa a Dingani, mawu ali kale kukamwa. Anawapeza atakhala pamwala, maso ali psuu. Nyumba yawo inali mbwee. Ukonde umene anausoka dzulo lake unali ulusi wokhawokha, mfundo zonse zitamasuka. Chinangwa chinasakanikirana ndi mchenga. Buku la nyimbo linali masamba okhaokha, osang'ambika ngakhale limodzi.

"Munthu wanu uja wagwira ntchito," anatero a Dingani. "Wa malaya onyowa. Amandifunsa kuti ngati alipo wokonza zinthu, bwanji sakuzikonza."

"Wanga? Si inu munamutuma kwathu?"

"Anafika nthawi yanji?"

"Magetsi atangothima."

"Kunonso nthawi yomweyo," anatero a Dingani.

Anayang'anana nthawi yaitali. Aliyense ankafufuza bodza pankhope ya mnzake, ndipo aliyense ankalakalaka kulipeza.

Nkhani ija sinafike kwa abusa. Mpaka pano awiriwa amapatsana moni wa patali, wina akumuyang'ana mnzake cham'mbali. Ena amati munthu wa malaya onyowa uja anali msodzi amene anamira ku Kande. Koma mayi Agness, ogulitsa usipa pamsika wa Chintheche, amangotsitsa mawu n'kunena kuti anthu akamakangana za Mulungu mokweza, pamakhala wina amene amaima pafupi kumvetsera, ndipo sikuti amakhala Mulunguyo ayi.