Batire Losadzaza la kwa a Lameki

Vutoli linayamba maliro a Ailton atangotha. Kudera lawo la Highfield magetsi amabwera anthu atagona n'kuthawa kusanache, ndiye bambo ake, a Lameki, ankaunikira nyumba ndi kabatire ka njinga yamoto. Tchaja yake anawapangira ndi Ailton yemweyo, m'kachitini ka mabisiketi. Kale batire linkadzaza bwinobwino, koma tsopano kukacha ankalipeza lilibe moto.

Masiku amenewo a Lameki sankamva kuwawa kapena kukoma. Ankangodya, kukhala, kugona. Koma tchajayo ndi yokhayo imene inatsala poyera mwa ntchito za manja a mwana wawo. Katundu wake yense anali womangidwa kuchipinda kwake kudikira tsiku logawa, ndipo mwambo sulola kuti wina amukhudze. Tchaja ikafa, m'nyumbamo Ailton watheratu.

Anabwereka mita yoyezera magetsi kumashopu a ku Machipisa n'kuchezera nayo pakhitchini. Magetsi atabwera, thiransifoma inayamba kulira pansipansi ngati njuchi. Fyuzi inali yamoyo. Anakayikira dayodi, poti ikapsa moto umabwerera m'mbuyo, koma nayonso inalibe mlandu. Usiku umenewo batire linadzaza pamaso pawo. Usiku wotsatira anagona, ndipo m'mawa analipezanso lopanda kanthu.

Nkhani siigona m'nyumba zoyandikana chonchi. Mayi Lidia a kuseri kwa mpanda anawanong'oneza kuti, "Asekuru, chinthu chimene chimaopa maso anu si cha waya chimenecho. Mwanayo sanagone. Anthu akuti pawindo lake pamaoneka kuwala kobiriwira."

A Lameki anangoti, "Ndamva, mayi."

Usiku wina anadzidzimuka popanda chowadzutsa. Anali okha pabedi, chifukwa akazi awo, a Adelaide, chichokereni kumanda ankagonabe pamkeka pabalaza. Mdima unali bii, agalu a m'mbali mwa msewu atasiya kuuwa, malata akungothetheka ndi chisanu. Kenako kuchipinda kotseka kuja kunamveka mawu, otsika koma osasokonekera.

"Amayi, ndichedwa pang'ono. Musandidikire, idyani."

Anali Ailton. Panadutsa kanthawi, mawuwo n'kubwerezanso chimodzimodzi, ndi kakhosomo komwe kumapeto. A Lameki anachita mantha, koma mantha ake anali ngati akugwira munthu wina. Anagona chagada mpaka kunayera.

M'mawa anaganiza zoti alekanitse zinthuzo ndi nyumba, aone ngati vuto lili m'waya kapena m'makoma. Ananyamula batire ndi tchaja yomwe, osauza munthu, n'kukazisiya kwa mnzawo wokonza mawailesi ku Machipisa. Usiku umenewo sikunamveke mawu. Wotsatira wakenso kunali zii, kungoti pabalaza wina ankayendayenda, kutsegula makabati ndi kutseka.

Atakatenga, mnzawo anati tchajayo ilibe vuto, batire ladzaza. Pobwera anapeza a Adelaide atakhala pansi pakhomo la chipinda cha mwana, m'manja muli foni yakuda, yozima.

"Munalipititsa kuti batire?" anafunsa mayiwo, mawu ali phwa.

"Foniyo ndi ya Ailton? Mwamasula katundu?"

"Ndinamasula. Muli mawu amene ananditumizira tsiku la ngozi lija, yanga ija inabedwa pamaliro. Chingwe chake n'chopanira pabatire, njira ina sindiidziwa, ndiye mukagona ndimalichotsa pa tchaja n'kulowa nalo muno. Iye ankanena kuti foniyi isamazime. Ikazima, poyaka imafuna nambala."

A Lameki anagwada, n'kupanira waya wofiira ndi wakuda m'malo mwake. Anadikira. Foni inanjenjemera, inawala, kenako inaonetsa timabokosi topanda kanthu. Anayesa chaka chimene mwanayo anabadwa. Anayesa nambala ya nyumba. Foni inawauza kuti adikire.

"Sanakuuzeniko?" anafunsa a Adelaide.

"Ayi."

Anakhala choncho, msana kukhoma, dzuwa likulowera pansi pa chitseko. Misozi sinabwere kwa aliyense.

"Inenso ndinamumva," anatero a Lameki. "Dzana lija, ndili pabedi."

A Adelaide anawayang'ana koyamba chichitikireni maliro.

"Nanga bwanji simunabwere, bambo? Tikanamvera limodzi."